Mimba Zobiriwira za ku Zilibwino

Mukadzamva munthu akudzitama kuti kwawo kulibe mavuto, mufunseni ngati kwawoko ndi ku Zilibwino. Ufumu umenewu uli kuseri kwa mapiri amene ojambula mapu adawaiwala, ndipo umalamulidwa ndi Mfumu Sindilakwa Wachitatu, mwana wa Sindilakwa Wachiwiri, amenenso sadalakwepo chilichonse mpaka tsiku limene adagwera m'chitsime chomwe ankatsegulira.

Azamba a kumeneko adali ndi kachitidwe kawo kuyambira kale. Mayi woyembekezera akabwera kusikelo, ankamuyeza magazi, mkodzo ndi kagonedwe ka mwana. Akapeza kuti mimbayo ili ndi chiopsezo, kaya magazi akuthamanga kwambiri, kaya mwana wagona chopingasa, kaya ndi shuga, ankajambula mzere wofiira pachikuto cha kabuku kake. Mzere umenewo ndiwo udali kiyi ya pageti la Chipatala Chachikulu cha Mwachedwa, kumene kunkakhala dokotala wa amayi ndi makina ounikira m'mimba. Mlonda wa pagetipo, a Jekete, sukulu adaipatsa moni ali pamsewu. Iwo ankangoyang'ana mtundu basi. Chofiira, lowani. China chilichonse, bwererani.

Zidayenda choncho mpaka tsiku limene mfumu idapita ku kachipatala ka ku Dikirani kukatsegulira chitseko chatsopano. Inde, chitseko. Chipatalacho chidali chakale, koma chitseko chidali chatsopano, ndiye pankafunika gulu la ng'oma ndi amayi ovina. Itadula riboni, mfumu idaona kanthu m'thumba la yunifolomu ya mzamba wa pamalopo, Sisita Kachingwe. Chidali cholembera chofiira. Nkhope ya mfumu idasintha pomwepo, pakuti ku Zilibwino aliyense amadziwa kuti cholembera chofiira ndicho mfumu imalembera mayina a anthu oti amangidwe.

M'mawa mwake nduna zonse zidaitanidwa kunyumba yachifumu.

"Kodi m'dziko muno muli mafumu angati?" idafunsa mfumu.

"Imodzi yokha, Atate a Dziko," adayankha a Mwatero, Nduna ya Zaumoyo, akuomba m'manja.

"Nanga mayi uja ndamuona ndi chofiira ndi mfumu ya kuti?"

"Ameneyo ndi mzamba chabe, Atate. Amalembera amayi amene mimba zawo zili ndi chiopsezo."

"Chiopsezo? Mu ufumu wanga? Akuwaopseza ndani?"

A Mwatero adayang'ana anzawo, anzawo adayang'ana kudenga. Pofika masana lamulo lidali litatuluka pa wailesi: inki yofiira ndi ya mfumu yokha, ndipo azamba onse apatsidwa zolembera zobiriwira, mtundu wa chimanga chabwino. Sabata isadathe, a Mwatero adaima pamaso pa atolankhani n'kulengeza, misozi ili lengelenge, kuti mimba zoopsa zatheratu ku Zilibwino. Adawerenga timabuku tonse ta m'dziko, osapezamo mzere wofiira ngakhale umodzi. Abale inu, kudali chikondwerero! Ana a sukulu adapatsidwa tchuthi.

Lamulo la pageti la Mwachedwa lokha ndilo adaiwala kusintha.

Patapita mwezi, wina adalimba mtima n'kukumbutsa bwalo la nduna kuti amayi akubwezedwa pageti. Mfumu, mwa chifundo chake, idati mayi aliyense wofuna mzere wofiira alembetse kunyumba yachifumu, idzamujambulira yokha ndi dzanja lake. Vuto lidali lakuti mzere wa anthu ofuna kuonana ndi mfumu udali wa miyezi khumi ndi umodzi.

"Atate a Dziko, mimba ndi miyezi isanu ndi inayi," idatero nduna ina yatsopano, imene idali isadaphunzire kukhala chete.

A Mwatero adadzuka msanga. "Ngati mzere sungafupike, mimba italike!"

Adawaombera m'manja mphindi zisanu. Madzulo ake wailesi idalengeza kuti kuyambira tsopano mimba ku Zilibwino ndi miyezi khumi ndi iwiri, ndipo mwana wobadwa nthawiyo isadakwane adzatengedwa kuti ndi wosamvera boma.

Mu msika wa Tingopenya nkhaniyi idawapeza amayi akuwaza madzi pa ndiwo zawo zamasamba. Make Siliya, wogulitsa tomato amene lilime lake linkaopedwa kuposa apolisi, adapukuta manja pachitenje.

"Ndiye kuti Siliya wanga adabadwa ali kale wotsutsa boma," adatero. "Miyezi isanu ndi iwiri yokha, watulukira. N'chifukwa chake samva."

Onse adaseka kupatula mayi wa benchi loyandikana naye, wogulitsa nyemba ndi nsinjiro. Dzina lake adali Felesita Nangondo. Amayi onse a mumsikamo ankaitanidwa ndi mayina a ana awo, make Siliya, make Jubeki, make uje, koma iyeyu pa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi ankaitanidwabe kuti Nangondo. Mimba yake yoyamba idatha pa miyezi isanu ndi iwiri. Yachiwiri idafika isanu ndi itatu, iye adagwa pakhomo n'kuyamba kuphupha, ndipo podzatsitsimuka adapeza amayi atapita kale kukataya mwana wobadwa wakufayo. Mtayo suliridwa maliro, supatsidwa dzina. Tsopano adali ndi mimba yachitatu, ya miyezi isanu ndi itatu.

Ndipo musaganize kuti Nangondo adali wodandaula. Ayi ndithu. Ndiye ankatsogolera nyimbo pa gulu la amayi ovinira mfumu. Tsiku lotsegulira chitseko lija, mawu amene ankamveka mpaka kutsidya la mtsinje adali ake. Zitenje za nkhope ya mfumu adali nazo zinayi, ndipo pozichapa sankazimenyetsa pamwala. Mfumu ankaikonda zenizeni, mopanda chinyengo, mpaka zinkakwiyitsa make Siliya.

Lachiwiri lina Nangondo adapita kusikelo ku Dikirani atavala patapata wa mwamuna wake, chifukwa nsapato zake zidali zitakana. Sisita Kachingwe adamumanga kansalu koyezera pamkono, adapopa, adayang'ana, adapopanso. Adaviika kapepala mu mkodzo, kapepalako kadasintha mtundu.

"Mutu ukukupwetekani?"

"Pang'ono, asisita. Masiku atatu."

"M'maso?"

"Ndimaona tinthu tothwanima. Koma zimatha ndikakhala pansi."

Sisita Kachingwe adayang'ana cholembera chobiriwira chimene chidali m'manja mwake. Adakwiya kwambiri. "Mayi Nangondo, matenda amene adakutengerani ana awiri aja abweranso. Magazi anu akuthamanga koopsa. Mukufunika dokotala wa ku Mwachedwa, akuunikeni, mwina mwanayu amutulutse msanga. Lero, osati mawa. Ine pano ndili ndi timapiritsi toti tikugwireni maola ochepa chabe."

"Ndiye ndilembereni, asisita."

Mzamba adalemba pachikuto ndi zilembo zikuluzikulu kuti ZOOPSA KWAMBIRI, adadula mizere itatu pansi pake, yonse yobiriwira ngati mpiru. Onse awiri ankadziwa chimene a Jekete akanena. Mzamba wa ku Mpondabwino adayesapo kujambula mzere ndi utoto wa m'milomo, ndipo pano akuwerenga mbuzi za boma kumalire. Sisita Kachingwe sakadayerekeza kuchita zomwezo, pakuti adali mzamba yekhayo wa midzi khumi ndi inayi.

Nangondo adapitabe ndi mwamuna wake Lameki panjinga. A Jekete adatembenuza kabukuko uku ndi uku, n'kumwetulira mwaulemu.

"Mayi, muli ndi mwayi. Chobiriwira chonsechi! Ndiye kuti muli bwino katatu. Pitani mukapume."

"Bambo, mkazi wanga watupa nkhope," adatero Lameki. "Tamuonani."

"Ine, achimwene, adandilemba ntchito yoona mabuku. Nkhope amaona adokotala, mkatimu."

Kunyumba yachifumu kalaliki adawalemba pa nambala 4,212, n'kuwauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Adabwerera kumsika dzuwa lili paliwombo. Nangondo adakhala pa thumba la nyemba atagwira mutu, ndipo Lameki adafotokozera make Siliya zonse. Make Siliya adamvetsera ataika manja m'chiuno, kenaka adawakokera pafupi.

"Tamverani kuno. Mlamu wanga Fulaide adamangidwa chaka chatha, atanena kumowa kuti chipewa cha mfumu n'chachikulu kuposa mutu wake. Mukudziwa kuti galimoto idabwera mphindi zingati? Makumi awiri! Ambulansi ilibe mafuta kuyambira nthawi ya Sindilakwa Wachiwiri, koma ya omanga anthu thanki imakhala yodzadza. Ndipo pepala lomumangira lidalembedwa ndi chiyani?"

Lameki adayankha chapansipansi. "Chofiira."

"Eya! Ndipo asanakutsekere ku ndende ya Khalachete amayamba akupititsa ku Mwachedwa kuti adokotala akuyeze kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Kudafa mkaidi wina tsiku limene kudabwera alendo akunja, mfumu idachita manyazi, ndiye idalamula kuti woukira boma asamafe asanaweruzidwe. Fulaide adatuluka atamuchotsa dzino limene lidamusautsa zaka zisanu, ndi magalasi a maso pamwamba."

"Mukufuna mkazi wanga atukwane mfumu?" adanong'ona Lameki. "Mayi, pakamwa pamaweruza munthu. Adzawolera kundende."

"Kundende kumapita anthu kukaona m'bale wawo atanyamula chakudya, bambo. Kumanda mudzanyamula chiyani?"

Lameki adayang'ana mapazi a mkazi wake, ndipo mantha adamugwira kuposa aja oopa mfumu.

Kazitape wa mumsika wa Tingopenya adali a Gerevazio. Ankagulitsa zipeso zisanu ndi chimodzi, zomwezomwezo kwa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo aliyense ankawadziwa ntchito yawo, mpaka ana ankawapatsa moni kuti, "Mwaswera bwanji akazitape?" Make Siliya adamugwira mkono Nangondo n'kukamuimika patsogolo pawo.

"A Gere, tulutsani kabuku. Mayiyu ali ndi mawu oipa."

A Gerevazio adaseka. "A Nangondo? Oyimba aja? Musandiseweretse, dzuwa likuwamba."

"Nena, iwe!" adatero make Siliya.

Nangondo adakonza chitenje chake, ndipo mwatsoka chidali cha nkhope ya mfumu, itatambasuka pamimba mpaka masaya kufika m'nthiti. Adayang'ana pansi. "Mfumu... mfumu imachedwa kubwera pamisonkhano."

"Amenewo ndi matamando," adatero a Gerevazio. "Wamkulu safika msanga."

"Mfumu... siivina bwino."

"Zimenezo idanena yokha pa wailesi chaka chatha, pofuna kuonetsa kudzichepetsa."

Make Siliya adamunong'oneza mawu ena kukhutu, mawu oti ngakhale kumowa amawanena atayang'ana kaye kumbuyo. Nangondo adatseka pakamwa ndi dzanja. "Iii, make Siliya! Amenewo sangatuluke mkamwa mwanga, ine ndine wa chigwirizano cha amayi kutchalitchi."

"Ngakhale atatuluka sangathandize," adatero a Gerevazio, amene tsopano adali atazindikira chimene chikuchitika, n'kutsitsa mawu. "Zotukwana zidachuluka kwambiri, kulikulu adatopa nazo. Masiku ano wotukwana amangomupatsa tsache asese msika. Galimoto imabwera chifukwa cha mawu ofooketsa anthu basi. Pepani mayi, ine ndimangotsata mndandanda."

Apa Nangondo adadzandira. Tinthu tothwanima tija tidadzadza m'maso mwake, ndipo adagwira benchi la zipeso kuti asagwe. M'mimba mwana adagunda kamodzi, mofooka. Anthu adali atayamba kuunjikana. Iye adaiwala za a Gerevazio, adaiwala za galimoto, ndipo adayankhula ndi mawu aja amene ankamveka kutsidya la mtsinje.

"Ine sindidziwa kutukwana. Ine ndavinira mfumu zaka khumi ndi zisanu, padzuwa, pamvula, ndili ndi pakati ndiponso ndilibe. Ana anga awiri ali kuseri kwa dambo, adakawasiya amayi okhaokha, popanda nyimbo, ndipo adandiuza kuti ndisalire. Sindidalire. Sabata yotsatira ndidakavina. Lero asisita andiuza kuti matenda omwe aja abweranso, ndipo dokotala alipo, makina alipo, kungoti geti silitseguka chifukwa cha mtundu wa inki. Pa wailesi akuti mimba zoopsa zidatha. Nanga make Jubeki tidamuika mwezi watha uja adafa ndi chiyani? Nanga mwana wa a Chimbalanga wa pa butchala? Mabuku awo adali obiriwira onse. Ine ndikuopa, anthuni. Ndikuopa kufa, ndipo ndatopa kubwerera kunyumba manja ali lende."

Wogulitsa makala adavula chipewa. Penapake mayi wina adayamba kusisima.

A Gerevazio adali atalemba mawu onse. Adapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, natulutsa foni. "Bwana, kuno ku Tingopenya kwachitika zazikulu. Ayi, sanatukwane. Wanena zimene zinachitika." Adamvetsera pang'ono. "Inde bwana, pagulu. Tumizani yothamanga ija."

Idafika pa mphindi khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Make Siliya adawerenga.

Pageti la Mwachedwa a Jekete adaona pepala lolembedwa ndi inki yofiira kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndi dzanja la mfumu yeniyeniyo. Adaimirira njo, adachita sawasha, natsegula zitseko zonse ziwiri. "Mwaona mayi? Mukabwera ndi zoyenera sitivuta."

Mkati adakumana ndi dokotala Nyirongo, katswiri wa amayi oyembekezera, amene adaphunzira ntchitoyo zaka khumi ndi ziwiri. Kwa miyezi isanu makina ake ounikira adali atangoona mimba za abambo oledzera onyoza chipewa cha mfumu. Ataona Nangondo akutsitsidwa m'galimoto, adakankha wapolisi n'kuthamanga ndi machira. Adamuyeza, adamubaya jakisoni woletsa kukomoka, adamuunika, ndipo pa galasi la makina padaoneka kamtima kakugunda mofulumira.

"Mkaidiyu akupita ku opareshoni tsopano lino," adatero dokotala.

"Tiyenera kukamutsekera kaye," adatero wapolisi.

"Chabwino, mutengeni. Akafera m'manja mwanu asanaweruzidwe, mukafotokoza nokha kunyumba yachifumu."

Wapolisiyo adathandiza kukankha machira.

Dzuwa lisadalowe kudabadwa mwana wamkazi, wochepa ngati botolo la mafuta ophikira, koma wa mawu a mayi ake. Malinga ndi lamulo adali wosamvera boma ndi miyezi inayi. Lameki atamva kulirako ali pakhonde adakhala pansi n'kulira nayenso, osasamala kuti apolisi akumuona.

Nkhani simagona. Mwezi usadathe, a Mwatero adauza bwalo la nduna kuti kwabuka mtundu wachilendo wa oukira boma: onse ndi amayi, onse ndi otupa mapazi, ndipo ambiri amachokera kusikelo ya ku Dikirani, kumene akuti mzamba akamaliza kuyeza mayi amamufunsa ngati amatha kuyankhula pagulu. Nduna yatsopano ija idafunsa ngati sikungakhale kwapafupi kungowabwezera azamba zolembera zawo. Pano ikuthandiza kuwerenga mbuzi kumalire. M'malo mwake bwalo lidagula galimoto zina ziwiri zomangira anthu.

Mlandu wa Nangondo udalowa m'khoti patatha masabata atatu. Adabwera kuchokera m'chipinda cha akaidi cha pachipatala, mwana wake, amene adamutcha Nenani, atamumangirira pachifuwa mkati mwa bulauzi monga adamuphunzitsira anamwino. Amayi a ku Tingopenya adadzadza mabenchi onse. Woweruza, bambo wotopa amene ankafuna kukadya, adawerenga mawu onse a mumsika aja kuchokera m'kabuku ka a Gerevazio.

"Mayi, mfumu mwa chifundo chake yakumbukira kuti mudaivinira zaka zambiri. Mukangonena kuti mawu awa adali abodza, mupita kwanu lero lomwe."

Nangondo adaganiza. "Ndikapita kwathu, bwana, kabuku kanga kakhala ka mtundu wanji?"

"Kobiriwira, ngati ka mfulu aliyense."

"Nanga ka mwanayu?"

"Chimodzimodzi."

"Adokotala akuti magazi anga sanakhazikike, amandiyeza kawiri pa tsiku. Mwanayunso akuti asachoke asanakwane makilo awiri ndi theka." Adasisita kamutu kamene kankasuzumira pa bulauzi. "Ndiye pepani bwana, mawu aja ndi oona. Mwina mudzandifunsenso pakatha masabata asanu ndi limodzi, tidzaone ngati adzakhale atasanduka abodza."

Woweruza adamenya tebulo kuti anthu asiye kuseka, nalamula kuti woukirayo abwezedwe kuchipatala pansi pa ulonda woopsa. Apolisi awiri adamutenga, wina atamunyamulira chikwama cha matewera. Akutuluka pakhomo, make Siliya adakwera pabenchi n'kukuwa.

"Make Nenani! Mawa tikubweretserani phala!"

Nangondo adayenda masitepe atatu asadazindikire kuti amene akuitanidwayo ndi iyeyo. Adaima, adatembenuka, ndipo apolisi adamudikira.